Satifiketi ya imfa ku America: pamene zinthu zimakakamira ndi mmene mungazimasulire

Munthu akamwalirira ku United States, kulibe ofesi imodzi ku Washington imene mungalembereko kalata n'kulandira satifiketi yake. Ntchito yolemba imfa ndi ya chigawo chilichonse pachokha, ndipo m'zigawo zambiri pepala limayambira pa ofesi ya kaunti (dera la m'chigawo, lofanana ndi boma la kwathu) kapena ya mzinda kumene imfayo yachitikira. Zigawo zilipo 50, makaunti ndi opitirira 3,000, ndipo aliyense ali ndi malamulo ake. N'chifukwa chake banja limatha kulemba fomu, kulipira, kudikira mwezi wathunthu, kenako n'kulandira kalata ya mizere iwiri yonena kuti dzinalo silinapezeke, ndalama osabwezedwa.

Kawirikawiri pepalalo limakhala lilipo ndithu. Chimene chalakwika n'chakuti mwina mwafunsa kaunti ina, kapena mwafunsa ofesi imene sinkagwira ntchitoyi chaka chimene munthuyo anamwalira, kapenanso mwapempha mtundu wa pepala umene lamulo silikulolani inuyo kulandira. Musanatulutse dola ngakhale imodzi, dziwani malo enieni amene munthuyo anatsirizikira, chaka chake, ndi ntchito imene pepalalo likukagwira.

Ayankha kuti dzinalo palibe

Imfa imalembedwa kumene yachitikira. Kumene malemu ankakhala, kumene ankagwira ntchito ndi kumene anaikidwa sizilowamo. Anthu ambiri amakakamira pomwepa, chifukwa wodwala amatengedwa ndi ambulansi kupita ku chipatala chachikulu, ndipo chipatalacho chimatha kukhala kaunti ina, pena chigawo china kumene. Ngati munthu wamwalirira m'galimoto kapena m'ndege ili pa ulendo, zigawo zambiri zimalemba malo amene thupi linatsitsidwira koyamba.

Taonani dera la South Bend, kumene kuli Amalawi ambiri. Mzindawu uli mu St. Joseph County ya ku Indiana. Kutsidya kwa malire, ku Michigan kulinso St. Joseph County ina, likulu lake ku Centreville. Ndiye kulinso mzinda wotchedwa St. Joseph ku Michigan komweko, koma uwu suli mu St. Joseph County, uli mu Berrien County. Wachibale wa ku Lilongwe amene wangouzidwa pa foni kuti "anamwalirira ku St. Joseph" ali ndi maofesi atatu oti asankhepo, ndipo awiri mwa iwo amuyankha kuti sakumudziwa munthuyo. Dzina la Washington County lokha limapezeka m'zigawo pafupifupi 30. Kansas City ilipo ya ku Missouri ndi ya ku Kansas.

Chochita n'chosavuta. Pezani dzina la chipatala, nyumba yosungira okalamba kapena msewu umene imfa inachitikira, mufufuze keyala yake yonse, kenako muone kuti keyalayo ili m'kaunti iti. Musadalire dzina la mzinda lolembedwa pa envelopu, chifukwa madera a positi ofesi satsatira malire a makaunti. Ngati simukudziwa chipatala, imbirani kampani imene inakonza maliro. Iwowo ndi amene amatumiza fomu ya imfa ku boma, choncho amadziwa kaunti, tsiku, ndi mmene dzina linalembedwera.

Kuli malo enanso kumene kufunsa kaunti n'kutaya nthawi. Ku Massachusetts, Connecticut, Rhode Island, Vermont, New Hampshire ndi Maine mabuku a imfa amasungidwa ndi mlembi wa tauni kapena wa mzinda. Mzinda wa New York uli ndi ofesi yakeyake yosiyana ndi ya chigawo cha New York ku Albany, moti womwalirira ku Brooklyn kapena ku Bronx, madera a mzindawu, simudzamupeza ku Albany. Mzinda wa St. Louis suli mu St. Louis County, Baltimore suli mu Baltimore County, ndipo ku Virginia mizinda monga Richmond, Norfolk ndi Alexandria imadziimira payokha. Ku Louisiana kaunti amaitcha parish. Ku Texas mizinda ina ikuluikulu monga Houston imalemba yokha imfa zochitikira mkati mwa malire ake.

Dzina la ofesi nalo limasintha. Ku Illinois ndi ku Michigan ndi County Clerk, ku Indiana ndi Health Department ya kaunti, ku North Carolina ndi Register of Deeds, ku California ndi County Recorder. Bungwe la zaumoyo la CDC lili ndi tsamba lotchedwa Where to Write for Vital Records limene limasonyeza ofesi ya chigawo chilichonse. Yambirani pamenepo.

Imfa yachitika posachedwa koma pepala silikutuluka

Satifiketi ili ndi mbali ziwiri zolembedwa ndi anthu osiyana. Mbali ya dzina, tsiku lobadwa, makolo, ukwati ndi keyala imalembedwa ndi a kampani ya maliro, motsatira zimene wachibale mmodzi wawauza. Mbali ya chimene chapha munthu imasainidwa ndi dokotala. Mbali imodzi ikasowa, ofesi ya kaunti singalembe imfayo, ngakhale mutaimba foni tsiku lililonse. Ndiye funsani a kampani ya maliro funso lolunjika: kodi fomu yaima pa ndani? Nthawi zambiri imakhala yaima pa dokotala amene sanalowe m'kompyuta kuti asaine, ndipo a kampani ya maliro ndi amene amadziwa womukumbutsa.

Zimavutirapo ngati imfa inali yadzidzidzi, ya ngozi, yokayikitsa, kapena munthu anapezeka atafa ali yekha m'nyumba. Pamenepo nkhani imapita kwa coroner kapena medical examiner wa kauntiyo, mkulu wofufuza chimene chapha munthu. Thupi limapimidwa, magazi amatumizidwa ku labotale, ndipo zotsatira zimatha kutenga masabata angapo, pena miyezi. Podikira, maofesi ambiri amatulutsa satifiketi imene pa malo a chifukwa cha imfa pamalembedwa kuti pending, kutanthauza kuti akudikira zotsatira. Pepala limeneli ndi lovomerezeka posonyeza kuti munthu anamwaliradi, ndipo mabanki ambiri amalilandira. Koma a inshulansi ya moyo, makamaka ngati pali ndalama za ngozi, amakonda kudikira lomaliza. Choncho la pending gulani limodzi kapena awiri basi, ochulukawo mudzagule zotsatira zikatuluka. Lembani nambala ya nkhaniyo imene ofesi ya coroner yapereka, chifukwa mukamaimba adzayamba kufunsa imeneyo.

Ngati thupi likupita kumudzi, satifiketi payokha siikwana. Pamafunikanso chilolezo chonyamulira thupi, kalata ya amene anakonza thupilo ndi mankhwala, ndipo kawirikawiri kalata yotsimikiza kuti malemu sanafe ndi matenda opatsirana. Kampani ya maliro yozolowera kutumiza matupi kunja imadziwa zonsezi, koma ndi bwino kufunsanso ofesi ya kazembe wa Malawi ku Washington musanagule tikiti.

Akukana kukupatsani

Apa m'pamene mwambo wathu ndi lamulo lawo zimasemphana. Kwathu woyendetsa za maliro amatha kukhala malume, mwinimbumba, kapena msuweni amene banja lamusankha. M'zigawo zimene mabuku a imfa ndi otsekedwa, mndandanda wa ololedwa umakhala ndi mwamuna kapena mkazi wa malemu, makolo, ana, nthawi zambiri abale a bere limodzi, agogo ndi zidzukulu, komanso loya kapena woyang'anira chuma cha masiye amene khoti lamuvomereza. Malume ndi mphwake nthawi zambiri salipo pa mndandandawu. Kulongosola kuti ndinu mutu wa banja sikuthandiza. Fomu ilembedwe m'dzina la munthu amene ali pa mndandanda, malume angothandiza kuyendetsa.

Kenako adzafuna umboni wa ubale. Mwana atumize satifiketi yobadwira yosonyeza dzina la kholo, mkazi atumize mtchatho. Ukwati wa chinkhoswe wopanda pepala umavuta pano, makamaka ngati amene anapereka mbiri ya malemu ku America analembetsa kuti anali wosakwatira. Zikatero, njira yachidule ndi kudzera mwa mwana kapena kholo la malemu, kwinaku mukuyamba zokonzetsa satifiketiyo.

Si zigawo zonse zimene zili zovuta chonchi. Ku Michigan ndi ku Ohio aliyense angagule satifiketi ya imfa. Ku California aliyense angalandire pepala lotchedwa informational copy, limene lili ndi mbiri ya imfayo koma ladindidwa mawu oti silingagwiritsidwe ntchito potsimikizira munthu. Pepala lenileni amapatsa achibale ndi ena ololedwa okha. Ku Florida aliyense angalandire satifiketi yopanda chifukwa cha imfa, koma yokhala ndi chifukwa imakhala yachinsinsi kwa zaka 50. Ku Texas ndi ku Virginia mabuku amatseguka pakatha zaka 25, ku Pennsylvania pakatha zaka 50, ndipo ku Illinois ofufuza mbiri ya banja amaloledwa pakatha zaka 20.

Njira yophweka kuposa zonse ndi kugula kudzera ku kampani ya maliro nthawi yomweyo imfa ikulembedwa. Werengani malo amene adzafune pepala lenileni lokhala ndi chidindo: banki iliyonse, inshulansi iliyonse, penshoni, nyumba, galimoto, khoti, komanso maofesi a kumudzi. Mabanja ambiri amafuna pakati pa 5 ndi 10. Fotokope salandira m'malo ambiri amenewa.

Kulipira ndi kutumiza muli kunja

Mtengo umasiyana, koma m'malo ambiri pepala loyamba limakhala pakati pa madola 10 ndi 35, ndipo ena amatsitsa mtengo wa mapepala owonjezera mukawagula nthawi imodzi. Ndalamayi ndi yofufuzira, choncho dzina likapanda kupezeka siibwerera. Maofesi ambiri amafuna cheke cha banki ya ku America kapena money order ya madola. Cheke cha banki ya kwathu achibweza. Pa intaneti, maofesi ochuluka amagwiritsa ntchito kampani ya VitalChek, imene imalandira khadi n'kuwonjezerapo mtengo wake. Loweraniko kudzera pa tsamba la ofesi ya boma yeniyeniyo. Pali masamba ena ooneka ngati a boma amene amakulipiritsani ndalama zambiri pongokulemberani fomu imene mukanaipeza ulele.

Zigawo zina, monga California, zimafuna kuti wopempha pa positi alumbire pamaso pa notary, munthu wovomerezeka ndi boma kulumbiritsa anthu. Muli ku Malawi, ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe imagwira ntchito imeneyi pa mtengo, mukapangana nawo tsiku. Mukalumbira kwa Commissioner for Oaths wa kwathu, funsani kaye ofesi ya ku America ngati ilandira, chifukwa ena amafuna chidindo china pamwamba pake. Ndipo ngati muli ndi m'bale wodalirika ku America, pepala lifikire kwa iye, iye alitumize pa kampani yonyamula makalata imene imapereka nambala yolondolera.

Samalani ndi tsiku. Ku America amayamba mwezi, kenako tsiku. Mukalemba 03/04/2019 poganiza za 3 Epulo, iwo awerenga 4 Malichi. Lembani dzina la mwezi m'mawu.

Dzina kapena mbiri yalakwika

Mayina athu amavulala kwambiri pa mapepala amenewa. Ng'oma amasanduka Ngoma, Mkandawire amatayika chilembo, dzina la bambo limalowa pa malo a dzina loyamba, ndipo pa dziko lobadwira ena amangolemba Africa. Wolakwitsa kawirikawiri si ofesi ya boma, koma mnzake wa malemu amene anayankha mafunso ali ndi chisoni, pasipoti ilibe pafupi. Kusiyana kwa chilembo chimodzi pakati pa satifiketi ndi chiphaso cha banki n'kokwanira kuimitsa ndalama za ana amasiye kwa miyezi.

Mpata wabwino wokonzera ndi pamene fomu isanatumizidwe. A kampani ya maliro amakhala ndi pepala loyeserera. Pemphani kuti mulione, muliyerekeze ndi pasipoti chilembo ndi chilembo. Likalembedwa kale, pamafunika fomu yosinthira, kalata yolumbira, ndi umboni monga pasipoti, satifiketi yobadwira kapena mtchatho. M'zigawo zambiri kusinthaku kumachitikira ku ofesi ya chigawo, osati ku kaunti, ndipo kumatenga nthawi yaitali kuposa kugula pepala wamba. Kusintha za ukwati n'kovutirapo chifukwa kumakhudza chuma cha masiye. Ngati pali mkangano, amafuna chigamulo cha khoti. Chifukwa cha imfa banja silingachisinthe. Angachisinthe ndi dokotala amene anasaina kapena coroner basi.

Pepala lafika kumudzi koma akulikana

Ofesi ya Administrator General, banki kapena khoti ku Malawi lingafune umboni woti chidindo cha pa pepalalo n'chenicheni. Umboniwu ndi apostille, kapepala kamene kamamatidwa pa satifiketi motsatira pangano la ku The Hague la 1961. Malawi analowa m'panganoli mu 1967, America mu 1981, ndipo South Africa ndi Britain alimonso. Amene amapereka apostille pa satifiketi ya imfa ndi boma la chigawo chimene chinatulutsa pepalalo, kawirikawiri ofesi ya Secretary of State wa chigawocho. Anthu ena amasokoneza dzinali n'kutumiza pepala ku Department of State ya ku Washington, kumene amalibweza. Satifiketi ya ku Indiana singalandirenso apostille ku Illinois.

Chopinga china n'chakuti zigawo zina sizidinda apostille pa pepala losainidwa ndi wogwira ntchito aliyense wa ku kaunti. Zimafuna lochokera ku ofesi ya chigawo kapena losainidwa ndi munthu amene siginecha yake ili m'kaundula wawo. Pogula nenanitu kuti pepalalo likupita kunja. Mzinda wa New York uli ndi masitepe atatu: satifiketi ibwere ndi kalata yotchedwa letter of exemplification, kenako County Clerk atsimikize siginecha, pomaliza Department of State ya chigawo cha New York idinde apostille. Musachotse mawaya omangira mapepalawa pofuna kujambula fotokope, ndipo musawakute ndi pulasitiki yomata, chifukwa ena amalikana pepala loterolo. Ngati pepala likupita ku dziko limene silili m'panganoli, limadutsa ku chigawo, ku Washington, kenako kwa kazembe wa dzikolo.

Imfa zakale: chaka ndicho chimanena ofesi

Ofufuza mbiri, kaya ya banja, ya mpingo kapena ya amishonale amene anagwirapo ntchito kwathu, amakumana ndi vuto lina. Kulemba imfa sikunayambe tsiku limodzi m'dziko lonse. Massachusetts anayamba mu 1841, koma zigawo zonse zinafika pa muyezo umene boma lalikulu linkafuna mu 1933. Pakati pa zaka zimenezi, makaunti ena ankalemba, ena ayi, ena ankayamba n'kusiya. Mukalembera ofesi ya chigawo kufunsa imfa imene inachitika iwo asanayambe kulemba, adzakuyankhani zoona kuti alibe, pamene buku lili phee pa shelefu ya kaunti.

Ku Indiana, ma Health Department a makaunti anayamba mu 1882, ndipo ofesi ya chigawo ili ndi imfa kuyambira 1900. Pa imfa za pakati pa 1900 ndi 1917 ofesi ya chigawoyo imafuna muiuze mzinda kapena kaunti kuti ithe kufufuza. Ku Ohio, kuyambira 1867 mabuku anali ku Probate Court ya kaunti, khoti la chuma cha masiye, mpaka pa 20 Disembala 1908 pamene chigawo chinatenga ntchitoyi. Ku Michigan makaunti anayamba mu 1867, masatifiketi enieni mu 1897. Ku Illinois lamulo la makaunti ndi la 1877, chigawo chinayamba mu 1916. Texas anayamba mu 1903, California mu Julayi 1905, Pennsylvania mu 1906, Missouri mu 1910, Kentucky mu 1911, North Carolina mu 1913, Georgia mu 1919. Musaganize kuti chaka choyambira ndiye kuti aliyense analembedwa. M'midzi, zaka khumi zoyambirira zimakhala ndi mipata yambiri, makamaka pa makanda ndi anthu osauka.

Palinso zaka zimene ntchito inaimiratu. Virginia ankalemba imfa m'makaunti kuyambira 1853 mpaka 1896, kenako lamulo linachotsedwa, n'kudzayambiranso mu Juni 1912. Zaka zimene John Chilembwe anali ku America, kuyambira 1897 mpaka 1900, akuphunzira ku Lynchburg, zili mkati mwa mpata umenewu, moti wofufuza anthu a nthawi yake amene anamwalirira ku Virginia zaka zimenezo adalire mabuku a mizinda ingapo monga Richmond ndi Norfolk imene inapitiriza yokha, kapena a mipingo ndi manda. Ku Tennessee lamulo loyamba linagwira ntchito kuyambira 1908 mpaka 1912, lachiwiri linayamba mu 1914, ndipo 1913 inatsala yopanda kanthu. Pennsylvania ili ndi mabuku a makaunti a 1852 mpaka 1854 ndi a 1893 mpaka 1905. Missouri ili ndi a 1883 mpaka 1893. M'chigawo cha New York, mizinda ya Albany, Buffalo ndi Yonkers inkasunga zakezake chisanafike chaka cha 1914.

Mabuku akalewa si masatifiketi. Ndi mabuku aakulu a mizere, munthu mmodzi mzere umodzi: dzina, tsiku, zaka, khungu, ntchito, matenda, pena mayina a makolo. Ku Michigan ndi ku Ohio, kwa zaka zambiri, wogwira ntchito ya boma ankayenda khomo ndi khomo kamodzi pachaka kufunsa amene anamwalira. Zotsatira zake n'zodziwikiratu: banja limene linasamuka silinafunsidwe, ndipo tsiku kapena chaka chimatha kuphonyeka. Mukapanda kupeza dzina m'chaka chimene chili pa chipilala, onani chaka cham'mbuyo ndi cham'tsogolo, ndipo werengani tsamba lonse, osati mndandanda wa mayina wokha.

Malire a makaunti nawonso ankasuntha. Kaunti yaikulu ikagawidwa, mabuku akale ankatsala ku kaunti yoyambayo. Munthu amatha kubadwa ndi kumwalira m'nyumba imodzi koma mapepala ake n'kupezeka m'makaunti awiri. Newberry Library ya ku Chicago inakonza Atlas of Historical County Boundaries, imene ili pa intaneti ulele ndipo imasonyeza malire a chaka chilichonse. Onani kuti malowo anali m'kaunti iti tsiku la imfalo. Kumbukiraninso kuti West Virginia inali mbali ya Virginia mpaka 1863, ndipo Brooklyn inalowa mu mzinda wa New York mu 1898.

Musanalipire, onani zaulere. Tsamba la pa intaneti la FamilySearch lili ndi zithunzi za mabuku ambiri a makaunti; mukalowa, musangolemba dzina, pitani pa katalogu, lembani dzina la kaunti, chifukwa mabuku ena anajambulidwa koma mayina ake sanalowetsedwe m'kompyuta. Missouri State Archives inaika pa intaneti masatifiketi opitirira zaka 50 kuyambira 1910. Library of Virginia ili ndi mabuku a 1853 mpaka 1896. Municipal Archives ya mzinda wa New York imasunga mabuku akale a imfa. Mabuku akale a makaunti ambiri a ku Illinois anasamutsidwira ku mayunivesite pansi pa dongosolo la IRAD, choncho County Clerk akati alibe, mufunseni kuti anapita kuti. Funso limeneli, loti mabuku a zaka zakutizakuti munawapereka kwa ndani, limatsegula zitseko zambiri kuposa kulembanso fomu ina.

Pofufuza dzina, yesani malembedwe onse amene khutu la mlembi likanamva. Akazi okwatiwa afufuzeni ndi dzina la amuna awo, ndipo m'manyuzipepala akale mayi amatha kulembedwa kuti Mrs. kenako dzina lonse la mwamuna, lake osaoneka n'komwe. M'zigawo za kumwera, anthu akuda nthawi zina ankalembedwa m'buku lawolawo kapena kumapeto kwa buku, pansi pa mawu oti colored, ndiye mukangoona masamba oyamba muwaphonya. Chisanafike chaka cha 1865, mabuku a ku Virginia ankalemba kapolo ndi dzina limodzi, pambali pake dzina la mwini wake, ndipo m'mindandanda ina muyenera kufufuza dzina la mwiniyo. Munthu wa kwathu amene anamwalira 1964 isanafike angalembedwe kuti anabadwira ku Nyasaland, British Central Africa kapena Africa chabe.

Pa satifiketi yakale, khulupirirani kwambiri tsiku la imfa, malo ndi manda, chifukwa zinalembedwa ndi anthu amene analipo. Tsiku lobadwa ndi mayina a makolo zinachokera m'mutu mwa wopereka mbiri. Yang'anani dzina lake pa pepalapo. Ngati ndi mkazi wa malemu, mwina n'zoona. Ngati ndi wapachipatala kapena mwininyumba, zitsimikizeni kwina.

Mabuku anapsa kapena imfa sinalembedwe

Nyumba za makhoti zambiri zinapsa. Moto wa ku Chicago wa mu Okutobala 1871 unawononga mabuku a Cook County. Makaunti ena a ku Virginia anatumiza mabuku awo ku Richmond kuti akasungike pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni, ndipo anapsera komweko mu Epulo 1865. Komabe mukamva kuti khoti linapsa, funsani chaka cha motowo ndi mabuku amene anapsa. Kawirikawiri ena anapulumuka, ndipo m'zigawo monga Michigan ndi Virginia kaunti inkatumiza kope ku likulu chaka chilichonse.

Pepala la imfa likasoweratu, umboni umapezeka m'malo ena. Fayilo ya chuma cha masiye ku Probate Court nthawi zambiri imatchula tsiku la imfa ndi mayina a ana onse, ndipo makhoti amenewa anayamba kusunga mafayilo kalekale kulemba imfa kusanayambe. Ofesi ya manda imakhala ndi buku la oikidwa, lokhala ndi tsiku ndi amene anagula malo. Tsamba la Find a Grave limathandiza kupeza mandawo, koma zolembedwa pamenepo ndi za anthu ongodzipereka, si za boma. Makampani a maliro akagulitsidwa, mabuku awo amapita kwa wogulayo kapena ku laibulale ya m'deralo. Mipingo ya Katolika, Lutheran ndi Episcopal inkalemba maliro mosamala. Uthenga wa maliro m'nyuzipepala mungaupeze pa Chronicling America ya Library of Congress, kapena polembera laibulale ya kauntiyo, imene nthawi zambiri imafufuza pa mtengo wochepa mukaipatsa mwezi ndi chaka. Mabuku a coroner ali padera ndipo amakhala ndi mawu a mboni.

Pa kalembera wa 1850, 1860, 1870 ndi 1880 panali fomu yapadera yolemba amene anamwalira m'miyezi 12 yofika kumapeto kwa Meyi wa chaka cha kalemberayo. Imagwira chaka chimodzi pa zaka khumi, koma m'makaunti ena ndi umboni wokhawo umene ulipo. Pa imfa za posachedwapa, Social Security Death Index, kaundula wa boma wa anthu omwalira, imathandiza makamaka kuyambira 1962. Chenjerani nayo: malo amene imasonyeza ndi kumene munthu ankakhala komaliza, osati kumene anafera, ndipo imfa za zaka zaposachedwa zambiri sizimaonekamo.

Ngati mukufuna pepala la lamulo, osati la mbiri chabe, ndipo imfayo sinalembedwe, pemphani ofesi ya chigawo kalata yotsimikiza kuti anafufuza osapeza. Kalata imeneyi ndi imene imatsegula njira yolembetsa imfa mochedwa, pogwiritsa ntchito umboni wa chipatala, wa manda kapena wa kampani ya maliro. Zigawo zina zimafuna khoti ligamule kaye. Kwa munthu amene anasowa thupi osapezeka, khoti lokha ndilo lingalamule kuti satifiketi ilembedwe.

Nzika ya America yamwalirira kunja

M'bale amene anatenga unzika wa America akamwalirira ku Blantyre kapena ku Mzuzu ali pa tchuthi, palibe kaunti ya ku America imene idzakhale ndi satifiketi yake, ngakhale anakhalako zaka 30. Imfayo imalembedwa ku Malawi, kudzera ku National Registration Bureau. Banja litengere satifiketi ya kuno ndi pasipoti ya malemu ku ofesi ya kazembe wa America, imene imalemba pepala lotchedwa Consular Report of Death Abroad. Limeneli ndi limene mabanki, a inshulansi ndi makhoti a ku America amalandira m'malo mwa satifiketi ya kaunti, ndipo makope owonjezera pambuyo pake amapemphedwa ku Department of State. Amene anali ndi green card yokha, chilolezo chokhalira ku America popanda unzika, pepalali salandira. Banja ligwiritse ntchito satifiketi ya ku Malawi, ndipo lifunsiretu banki kapena kampani ya inshulansi ku America ngati ikufuna apostille pa satifiketiyo isanatumizidwe.